Kapinga wandilanda bedi la maluwa, ndithandizeni

Nachisale (Luwinga): Mwaswera bwanji nonse. Ndabwera ndi dandaulo. Mwezi wa Novembala ndinapanga bedi la maluwa kutsogolo kwa khonde, mamita 6 m'litali, m'lifupi mita imodzi ndi theka. Pamalopo panali kapinga yemwe tinamupeza polowa m'nyumbayi. Ndinalemba waganyu, analima ndi khasu n'kugalauza bwinobwino, tinathira manyowa a ng'ombe mawilibala 4, kenako ndinabzala marozi 5, madaliya, hydrangea ziwiri ndi marigold m'mbalimbali. Masabata awiri oyamba anthu odutsa mumsewu ankaima kuyamikira. Lero mutabwera simungadziwe kuti pali maluwa, udzu wadzaza tho. Ndimazula Loweruka lililonse, kufika Lachitatu wamera kale ngati ndikuuthira feteleza. Msana wanga watha. Kodi alipo mankhwala opha udzu okha osakhudza maluwa? Kapena ndingozula zonse ndibzale chinangwa?

Mfana wa ku Chibavi: Asisi mangirirani mbuzi ziwiri pamenepo, pofika mawa nkhani yatha kkkk

NyaGondwe (Zolozolo): Iwe, mbuzi imayamba ndi rozi, udzu imadya pomaliza. Amama pepani. Tumizani chithunzi tiuone udzuwo, maudzu ndi ambiri ndipo safa mofanana.

Madala Mbewe (Katoto): Mayi Nachisale, musanagule chilichonse chitani kaye izi. Pitani pabedipo panopa dothi likadali lofewa ndi mvula ya usiku, mulowetse zala pansi n'kukoka udzuwo pang'onopang'ono osaudula. Mukaona kukutuluka chingwe cha mfundomfundo, mfundo iliyonse ili ndi timizu take, ameneyo ndi kapinga. Ukakhala udzu woima njo, masamba onyezimira ngati awadzoza mafuta, tengani tsinde lake mulipotokole pakati pa zala ziwiri. Tsinde la udzu wamba limagubuduka. Likakana kugubuduka chifukwa lili ndi ngodya zitatu, ameneyo ndi dawe, ndipo mukakumba pansi pake mupeza timbatata takuda tochepera nzama. Mutiuze chomwe mwapeza, chifukwa awiriwa si a mtundu umodzi. Mankhwala ena amapha kapinga n'kumusiya dawe ali chiimire.

Nachisale (Luwinga): Ndapita madala, ndipo ndabwerako wokhumudwa kuposa poyamba. Onse awiri alipo. Ndakoka chingwe chimodzi kuchokera pa marigold, chandilondolera mpaka pansi pa rozi, kutalika kwake kuposa mkono wanga, ndipo chadukira komweko. Nsonga yake ndi yoyera komanso yosongoka ngati minga. Kumbali yomwe kumagwera madzi a padenga ndiye kuli wa ngodya zitatuyo, ndakumba ndapeza timbatata 7 pamalo ongokwana chikhatho. Zithunzi ndi izo.

Agogo Nabanda (Chiputula): Ee, dawe ndi ameneyo mwanawe. Tili ana tinkakumba timbatata timeneto m'dimba n'kumatafuna, tina timatsekemera pang'ono, tina timawawa ndipo timanunkhira. Sindinkadziwa kuti ndikadzakalamba ndidzakhala ndikulimbana nato.

Madala Mbewe (Katoto): Ndaziona zithunzi. Ndikuuzeni mosabisa mayi, amene anakulakwirani si udzu ayi, ndi khasu. Kapinga sadalira njere zokha. Ali ndi zingwe zoyanga pamwamba ndi zina zoyenda pansi pa dothi, ndipo mfundo iliyonse ikaduka payokha imasanduka chomera chatsopano. Waganyu uja atatema ndi khasu anadula chingwe chimodzi kukhala tizidutswa makumi angapo, n'kutikwirira, inu n'kubwera ndi manyowa pamwamba, mvula n'kuyamba. Kunena zoona simunalime bedi la maluwa, munawokera kapinga. Umu ndi momwe timabzalira kapinga pabwalo tikamafuna kuti amere msanga.

Dawe naye ali ndi kachitidwe kake. Mukazula masamba, kambatata kamatsala pansi, ndipo kali ndi maso angapo ngati mbatata ya kachewere. Diso limodzi mwalichotsa, lina limadzuka. N'chifukwa chake Lachitatu mumamupeza wabwerera.

Nachisale (Luwinga): Mayo ine. Ndiye ndinalipira munthu kuti andibzalire mdani.

Mfana wa ku Chibavi: Ndipo munamupatsanso tiyi ndi buledi kkkk

Aphiri a Pickup (Mchengautuwa): Anthuni mukuchulutsa nkhani. Mankhwala opha udzu a Roundup alipo m'masitolo a zaulimi m'tauni muno. Ine kumunda kwanga ku Ekwendeni ndimapopera ameneyo, kapinga yense amauma mpaka mizu. Kabedi ka mamita 6 n'kachiyani? Sipuleya imodzi siithanso n'komwe.

NyaGondwe (Zolozolo): Adada Aphiri, kumunda kwanu mumapopera chimanga chisanamere. Kuno maluwa ali kale m'bedi. Roundup sasankha, chilichonse chobiriwira chomwe wagwera ndi chake. Rozi ndiye safuna ngakhale fungo lake. Ine ndimagulitsa mbande za maluwa m'machubu, ndinataya marozi mzere wonse chaka china chifukwa oyandikana nafe anapopera kuseri kwa mpanda tsiku lamphepo. Sanafe nthawi yomweyo ayi, koma mphukira zatsopano zinkatuluka zothinana, timasamba topyapyala ngati singano, maluwa osaoneka bwino. Pomaliza ndinangowazula.

Aphiri a Pickup (Mchengautuwa): Ndiye osapopera, apake ndi burashi. Mumasungunula mankhwala m'kachitini, kuvala magolovesi, n'kumapaka pamasamba a udzu okhaokha. Kapena dulani botolo la malita 2 kunsi, muvundikire udzuwo, mupoperere pakamwa pa botolo. Njira zilipo, musaope.

Make Pemphero (Masasa): Ine mankhwala pakhonde pomwe ana amakwawa ayi. Kwathu kuno chitsime chili pafupi, nkhuku zimatola pomwepo. Ndinamvanso kuti mankhwala amenewa amayambitsa khansa. Bwanji osangothira mchere kapena oyilo wakutha wa galimoto? Amuna anga anathira oyilo m'mphepete mwa mpanda, mpaka lero sipamera kanthu.

Madala Mbewe (Katoto): Mayi Make Pemphero, mwadziyankha nokha: mpaka lero sipamera kanthu. Mchere ndi oyilo zimapha dothi lenilenilo, ndipo oyilo ameneyo mvula ya Mzuzu imamutsitsira kuchitsime chomwe mukuchitetezacho. Chonde musathirenso. Pa zonse zatchulidwa pano, oyilo ndiye woipitsitsa.

Wophunzira pa Mzuni: Ndiyankhepo za khansazo. Mankhwala omwe ali mu Roundup dzina lake ndi glyphosate, anayamba kugulitsidwa mu 1974. Mu 2015 bungwe lofufuza za khansa la IARC, lomwe lili pansi pa World Health Organization, linawaika m'gulu la zinthu zomwe mwina zingayambitse khansa. Koma mabungwe ena oona za mankhwala a mbewu, monga a ku America ndi a European Union, anaunika n'kunena kuti akagwiritsidwa ntchito motsatira malangizo chiopsezocho sachiona, ndipo mu 2023 European Union inawaloleza kwa zaka zina 10. Ndiye akatswiri eniake sanamvane. Chomwe ine ndimaona kuno n'chakuti vuto lalikulu ndi kagwiritsidwe kathu: munthu akupopera atavala kabudula ndi patapata, akusakaniza ndi dzanja, chigubu chikatha akutungiramo madzi akumwa. Komanso musagule othiridwa m'kabotolo ka zakumwa opanda chizindikiro. Gulani otsekedwa, okhala ndi lebulo, ovomerezedwa ndi Pesticides Control Board.

Aphiri a Pickup (Mchengautuwa): Apo mwanena zoona achimwene. Ine ndinagulapo a m'kabotolo pamsika wina, ndinapopera munda wonse, udzu unangobiriwira kwambiri. Kaya anali madzi a sopo kaya chiyani.

Madala Mbewe (Katoto): Mwinanso mankhwala anali abwino koma madzi ndiwo anali amatope, Aphiri. Glyphosate akakumana ndi dothi amamatirira pamenepo n'kutha mphamvu, n'chifukwa chake madzi osakanizira ayenera kukhala oyera. Amalowera pamasamba obiriwira n'kutsikira ku mizu, ndiye udzu uyenera kukhala ndi masamba okwanira, osati mwangouzula kumene. Amafunanso maola 6 opanda mvula, ndipo kuuma kwake kumaoneka pakatha sabata imodzi kapena awiri. Tsopano tandiuzeni, Januwale wa Mzuzu uno, maola 6 opanda mvula muwapeza tsiku liti? Dzulo kunacha bwino, ndinayanika malaya, isanakwane 11 koloko ndinali ndikuthamanga nawo.

Achimwene a ku Joni: Moni kumudzi. Ine kuno ku Johannesburg ntchito yanga ndi ya m'magadeni, chaka chachisanu ndi chimodzi tsopano. Funso la mayiwa linali loti alipo mankhwala osankha udzu okha? Alipo. Dzina lake Fusilade, ndipo amapha zomera za mtundu wa udzu n'kusiya za masamba otambalala monga marozi ndi madaliya. Pa kapinga amagwira, ngakhale nthawi zambiri mumafunika kubwereza. Koma dawe samumva ngakhale pang'ono, monga anenera madala. Chinanso, ngati pafupi pali chimanga, mizimbe kapena lemon grass wa tiyi, zimenezonso ndi udzu, zipita limodzi. Kafunseni m'masitolo a zaulimi ngati ali naye, muwerenge lebulo musanatsegule.

Koma ndikuuzeni zomwe ndaona ndi maso anga. Mabedi omwe savuta kuno si omwe amapoperedwa kwambiri, ndi omwe ali ndi malire. Kapinga wa pabwalo akamagundana ndi bedi popanda chotchinga, muphe wa mkati lero, wa kunja alowa mawa.

Nachisale (Luwinga): Lemon grass ali kumapeto kwa bedi komweko, ndi wa apongozi anga, anachoka naye ku Nkhata Bay. Akafa ameneyo ndisamuka ndine. Malire palibe achimwene, kapinga wa pabwalo akungolowa mwaufulu.

Aphiri a Pickup (Mchengautuwa): Nanga Harness, mankhwala a udzu a m'munda wa chimanga aja? Ndili naye wotsala theka la botolo, ndingakupatseni ulere.

Madala Mbewe (Katoto): Sungani wa chimanga chanu Aphiri. Harness amagwira njere zikamamera kumene, udzu wokhala kale ndi zingwe ndi timbatata saugwetsa.

Agogo Nabanda (Chiputula): Mwanawe Nachisale, tamvera za ine nkhalamba. Ndakhala m'nyumba ino zaka zambiri, ndipo pomwe pali maluwa anga lero panali kapinga wofika m'akakolo. Sindinagule mankhwala, osati chifukwa chodana nawo, ndalama yake kunalibe. Ndinagula foloko yokumbira, ya mano anayi ija. Khasu limadula, foloko imanyamula. Umaibaya pansi mpaka mano onse alowe, n'kuitsamira kumbuyo, dothi limasweka lokha, ndiye umagwada n'kumatsata chingwe chilichonse ndi zala mpaka pomwe chathera. Usathamange. Tsiku limodzi malo ofanana ndi mphasa imodzi basi. Ine ndinkayamba m'mawa kukadali nkhungu, ndikamva ana a sukulu akuweruka ndasiya.

Dothi la pomwe pali dawe ndinkalisefa. Ndinabwereka sefa ya mchenga kwa amisiri omanga nyumba, kuitsamiritsa pamtengo, kuponyapo dothi ndi fosholo. Timbatata timatsalira pawaya pamodzi ndi miyala. Ndinadzaza ndowa.

Ndipo zomwe wazulazo usataye pakompositi, usaunjikenso pakona ya mpanda. Kapinga wozulidwa akangogona pa dothi lonyowa masiku atatu wagwira kale. Yanika pa lata lakale kapena pasimenti mpaka azithyoka ukamupinda, ukatero wotcha. Nthawi ya mvula ino ine ndimaika m'thumba la feteleza, kumanga pakamwa, kupachika m'khitchini ya panja pomwe pamafika utsi.

Make Pemphero (Masasa): Agogo, kusefa dothi mvula ino? Lathu lofiirali likanyowa limamata ngati phala la mgaiwa, silingadutse pa sefa.

Agogo Nabanda (Chiputula): Wanena zoona, ndinaiwala kutchula. Ine ndinachita mu Okutobala. Ntchito imeneyi nthawi yake ndi Sepitembala ndi Okutobala, dothi lili fumbi, dzuwa likuswa mtengo. Ukagalauza n'kusiya, dzuwa limakuthandiza kuumitsa zingwe ndi timbatata tomwe tabwera pamwamba. Pakatha masabata awiri ugalauzenso. Kenako thirira madzi bedi lopanda kanthu, dikira, chomwe chamera uzule, ndiye ubzale maluwa. Anzathu a ku Lilongwe chilimwe chawo n'chachitali, ife kuno mvula imatha mochedwa, Juni ndi Julayi kumangowaza mawawa ndi chisanu, ndiye mpata wathu ndi wochepa. Ukauphonya wadikira chaka.

Nachisale (Luwinga): Ndiye mukundiuza kuti ndikhale ndi thengo pakhonde mpaka Okutobala? Alendo a ukwati wa mchemwali wanga akufikira kwathu mu Epulo. Bedi limeneli ndinapangira iwowo.

Mfana wa ku Chibavi: Walira mvula walira matope asisi. Muwauze alendo kuti ndi sitayilo yatsopano.

Admin: Mfana, chepetsa. Munthu ali pamavuto enieni.

NyaGondwe (Zolozolo): Simudikira chimanjamanja amama. Pofika Epulo bedi lingaoneke bwino, kungoti nkhondo yeniyeni mudzamaliza mu Okutobala. Ndikanakhala ine ndikanachita motere.

Marigold zulani onse, musawamvere chisoni, amamera msanga ndipo mbande ndikupatsani. Malo amenewo akakhala poyera lowetsani foloko monga anenera agogo, tsiku lomwe mvula yapumako dothi lili lofewa koma losamata. Marozi ndi hydrangea musawasunthe, angogwira kumene. Pafupi ndi tsinde lawo gwiritsani zala ndi kampeni kakale, chingwe chikalowa pakati pa mizu ya rozi chiduleni pomwe mwafika, musakoke mwamphamvu. Madaliya samalani, ali ndi mbatata zawo pansi, foloko ikabaya zimaola.

Mukamaliza pitani kumagolosale mukapemphe makatoni. Chotsani selotepi ndi mawaya, muwayale pabedi ponse mosanjikiza, lina likwere pa linzake pafupifupi chikhatho chimodzi kuti pasakhale mpata wa kuwala. Pa duwa lililonse ng'ambani kabowo. Nyowetsani, kenako phimbirani pamwamba ndi zinyalala zokhuthala masentimita 8 kapena 10, koma zisakhudze tsinde la duwa. Kapinga ndi dawe onse ndi ana a dzuwa, mumthunzi amafooka. Katoniyo pofika chilimwe idzakhala itaola n'kusanduka manyowa.

Nachisale (Luwinga): Zinyalala zake ziti? Kuseri kuli udzu womwe anatchetcha mnyamata sabata yatha, mulu waukulu.

NyaGondwe (Zolozolo): Ayi ayi ayi amama! Umenewo ndi kapinga yemweyo, muli mfundo ndi njere. Mukhala ngati mwathamangitsa wakuba pakhomo n'kumutsegulira zenera. Pezani masamba a paini, kuno sasowa, kapena makungwa ndi zopalapala za matabwa kwa akalipentala. Mankhusu a mpunga a ku Karonga nawonso ndi abwino mukawapeza kuchigayo.

Aphiri a Pickup (Mchengautuwa): Utuchi ndiye ndingakubweretsereni. Ndimanyamula matabwa a ku Chikangawa, kumacheka utuchi umangotayidwa. Mungondithirira mafuta.

Madala Mbewe (Katoto): Utuchi ndi wabwino koma ukhale pamwamba, musausakanize ndi dothi. Ukalowa m'dothi uli wauwisi, tizilombo toolesa timatenga nayitrojeni yemwe maluwa amafuna, masamba amayamba chikasu. Wosalala kwambiri uja umagwirananso n'kupanga chikhakha, madzi amangoyenderera pamwamba. Bola zopalapala za pulena. Ndipo poti bedi lagundana ndi khonde, siyani mpata pakati pa zophimbirazo ndi khoma, muziyang'anamo chiswe.

Ndibwerere kwa dawe, chifukwa katoni yekha samugonjetsa. Nsonga yake imaboola katoni yonyowa, imaboola ngakhale pulasitiki yakuda. Chinsinsi chake ndi ichi: kambatata kali ngati nkhokwe. Nthawi iliyonse kakatulutsa mphukira kamatapa m'nkhokwemo, ndipo chomeracho chimayamba kubweza ndi kupanga timbatata tatsopano chikafika masamba 5 kapena 6. Mukamazula asanafike pamenepo, sabata ndi sabata osadumphitsa, nkhokwe imatha. Mukadumphitsa mwezi umodzi mwabwerera poyambira. Ndiye kuzula kwanu kwa Loweruka sikunali kolakwika, kungoti mumazula pabedi lodzaza zidutswa, lopanda chophimba, lopanda malire.

Komanso mwati ali kumbali yogwera madzi a padenga. Dawe amakonda ponyowa. Ikani gatala kapena kumbani kangalande madziwo apite kwina.

Wophunzira pa Mzuni: Bwanji njira yoyala pulasitiki yoonekera mkati kuti dzuwa liphike dothi? Tinaphunzira kuti masabata 4 mpaka 6 amapha njere zambiri.

Madala Mbewe (Katoto): Imagwira, koma pabedi lopanda maluwa komanso mwezi wotentha. Muyale lero pa Luwinga muona ngati simumera bowa. Sungani nzeru imeneyo ya Okutobala.

Achimwene a ku Joni: Za malire zija ndimalize. Kumbani ngalande kuzungulira bedi, yakuya ngati masentimita 20 mpaka 25, khoma lake la mbali ya kapinga likhale loongoka. Mukafuna imikani njerwa m'menemo kapena zidutswa za malata akale, mbali ina itsale pamwamba pa dothi. Koma njerwa zongoyala popanda simenti kapinga amadutsa m'mipata yake, ndiye muziyendera ndi fosholo kapena chikwanje kawiri pamwezi kudula zingwe zomwe zikuwoloka. Ndaonanso pachithunzi chachiwiri, pakona pali udzu wina wa zingwe zonenepa ngati pensulo, masamba otambalala pang'ono. Ameneyo akuoneka ngati kikuyu, kwawo ndi kumapiri a ku Kenya, amakonda malo ozizira a mvula yambiri ngati Mzuzu. Ubwino wake zingwe zake n'zazikulu, sizivuta kuziona pozula.

Make Pemphero (Masasa): Palibe watchula manyowa. Ine chaka chatha ndinagula ngolo ya manyowa a khola, bedi la mpiru linamera udzu womwe sindinauonepo pakhomo pano. Bola ukanamera bonongwe kapena chisoso tikanadyera nsima.

Agogo Nabanda (Chiputula): Ng'ombe imadya udzu ndi njere zake, njere zambiri zimatuluka zamoyo. Manyowa a khola osaola ndi nkhokwe ya udzu. Nachisale, ako aja anali otani?

Nachisale (Luwinga): Anali ndi zibuma zouma, ena akadali ndi fungo la khola. Wogulitsa anati ndi a chaka chatha.

Agogo Nabanda (Chiputula): Onse amatero. Manyowa okupsa sanunkha khola, amanunkha dothi la m'nkhalango, ndi akuda ndipo amafumbutuka m'manja. Ukagula ena uwaunjike kaye, usakanize ndi masamba, unyowetse, uvundikire. Pakatha masiku ochepa ulowetse ndodo pakati pa mulu, ukaitulutsa izitentha m'manja. Kutentha kumeneko ndi komwe kumapha njere. Utembenuze kuti za m'mbali zilowe pakati, udikire miyezi iwiri kapena itatu.

Aphiri a Pickup (Mchengautuwa): Zonsezi ndi zabwino koma ndikuona ntchito ya mwezi wathunthu. Ine ndikadali pa burashi yanga. Mayi akatopa andiuze.

Madala Mbewe (Katoto): Sindikutsutsani kotheratu Aphiri. Pa tizingwe tomwe tabisala pakati pa mizu ya rozi, pomwe foloko singafike, burashi ili ndi malo ake, bola dontho lisagwere pa tsamba kapena pa khungwa lobiriwira la rozi. Chomwe ndikukana ndi kuyamba ndi botolo bedi lilibe malire.

Nachisale (Luwinga): Zikomo nonse, yewo chomene NyaGondwe. Ndayitanitsa foloko ku hadiweya. Mankhwala ndayamba ndawasiya, ndiope lemon grass wa apongozi. Ndidzakuuzani.

Nachisale (Luwinga): Ndabweranso patatha masabata atatu, ena munkafunsa kumbali. Foloko ija inanditengera masiku 9, madzulo ndikaweruka ku ntchito, mwana wanga wamkulu akundigwirira tochi ya foni. Tinatulutsa matumba a feteleza awiri ndi theka a zingwe zokhazokha. Pansi pa hydrangea imodzi ndinapeza chibuma chonse cha kapinga chomwe waganyu anangochitembenuza, mizu kumwamba masamba pansi, chayera ngati nsima koma chamoyo. Ngalande takumba, njerwa taimika, makatoni ndinapempha kugolosale ya pafupi, zopalapala anabweretsa Aphiri, ndipo mafuta anakana kulandira.

Kapinga wachepa kwambiri. Akutulukira m'mabowo a maluwa mokha, ndipo ndikamakoka akubwera mosavuta, wotuwa ngati wodwala. Koma dawe madala munanena. Waboola katoni ngati misomali, m'mawa uno ndawerenga 23. Ndikuzula Lachitatu ndi Loweruka, kumuwerenga masamba ngati ndikuwerenga ndalama. Daliya imodzi ndinaibaya ndi foloko, yafota. Rozi wofiira watulutsa mphukira zitatu zatsopano.

Madala Mbewe (Katoto): 23 si ambiri pa bedi lomwe munapeza timbatata 7 pachikhatho chimodzi. Muzilemba nambalayo penapake sabata iliyonse, kufika Epulo mudzaona yokha ikutsika. Gatala mwaika?

Nachisale (Luwinga): Gatala ikudikira malipiro a mwezi uno. Pakadali pano ndatchera beseni.

NyaGondwe (Zolozolo): Daliyayo ikumbeni muone. Ngati yaola mbatata imodzi yokha, dulani yoolayo ndi mpeni woyera, pakani phulusa pabala, isiyeni pamthunzi tsiku limodzi mubzalenso. Mbande za marigold zakonzeka, ndaikaponso salvia wofiira 6, akakula amatseka pansi msanga. Pobzala ingobayani katoni ndi mpeni, kabowo kongokwana chubu. Hydrangea zanu zikutuluka mtundu wanji? Zanga kuno zimatuluka zabuluu, dothi lathu ndi la asidi. Musathire phulusa kapena laimu pafupi nazo ngati mukufuna zikhale choncho.

Nachisale (Luwinga): Sizinamasule, ndikuuzani zikatero. Koma kwabuka vuto lina. Nkhuku za oyandikana nawo zazindikira kuti pansi pa katoni pali nyongolotsi. Dzulo ndapeza zopalapala zonse zili pakhonde, katoni imodzi yang'ambidwa pakati, tambala ali chiimire pamwamba pa rozi ngati bedilo analipira ndi iye.

Agogo Nabanda (Chiputula): Yala nthambi za minga pamwamba, kapena waya wa nkhuku umugoneke pansi n'kupanikiza ndi njerwa. Zikalephera kupalasa masiku atatu zimasiya zokha. Pong'ambikapo ika katoni ina lero lomwe, dzuwa lisalowe.

Mfana wa ku Chibavi: Tambalayo musamuthamangitse asisi, alendo a Epulo adzafuna ndiwo.

Nachisale (Luwinga): Mwini wake ali pagulu pompano, akuwerenga. NyaGondwe, Loweruka ndikazula dawe ndikwera kabaza kudzatenga mbandezo, mundisungire ndi katoni ngati muli nayo yotsala.